Kampani ikati "tachepetsa mphamvu zomwe timagwiritsa ntchito", tiikhulupirire?

Funso: Akatswiri, ndimagwira ntchito mu ofesi yolangiza anthu za kogula masheya. Abwana anga andipatsa malipoti apachaka a makampani awiri opanga simenti kuti ndione imene ikusamala bwino mphamvu. Yoyamba yalemba kuti malasha ndi magetsi omwe inagwiritsa ntchito atsika ndi 15 peresenti. Yachiwiri ikuvomera kuti ake akwera ndi 4 peresenti. Kodi ndingolemba kuti yoyambayo ndiyo yapambana? Nanga manambala amenewa amawapeza bwanji, ndipo ndani amawakakamiza kuwaulula?

Yankho: Zikomo pofunsa musanalembe. Ayi, musafulumire kuipatsa chikho yoyambayo. N'kutheka kuti ikuchitadi bwino, koma 15 peresenti payokha siikutiuza kanthu. Ng'anjo ya simenti si babu loti mungoligulula lero n'kuikapo losadya magetsi. Fakitale imene yasinthadi makina n'kuyamba kusamala imatsitsa mphamvu zake pang'onopang'ono, mwina peresenti imodzi kapena ziwiri pachaka. Ndiye mukaona nambala yagwa chonchi m'chaka chimodzi, muyambe mwafunsa kuti chachoka m'kaundula wawo n'chiyani, musanafunse kuti asamala bwanji.

Kuti mumvetse, tiyambe taona komwe moto umapita. Simenti imayamba ndi miyala ya laimu ndi dongo, zomwe amagaya n'kuziotcha mu ng'anjo yaitali yozungulira mpaka kutentha kufika pa madigiri 1,450. Chotulukamo ndi timibulu totuwa totchedwa klinka. Klinkayo ndiyo amaigayanso pamodzi ndi jipisamu pang'ono kuti ikhale simenti ya m'thumba. Tani imodzi ya klinka imadya moto wa ma gigajoule apakati pa 3 ndi 4 (gigajoule ndi muyezo wa mphamvu), omwe m'malipoti amangolemba kuti GJ. Magetsi oyendetsera zigayo, mafani ndi makina ena amakwana pafupifupi 100 kWh (mayunitsi 100 a magetsi) pa tani ya simenti, ndipo popeza 1,000 kWh ndi 3.6 GJ, magetsiwo sakwana ngakhale theka la GJ imodzi. Choncho mphamvu zambiri za kampani ya simenti zimathera mu ng'anjo, osati pa chigayo.

Tsono taganizani kampani yokhala ndi ng'anjo zitatu, iliyonse yotulutsa matani 1,000,000 a klinka pachaka. Pa 3.5 GJ pa tani, ng'anjo imodzi ikudya 3,500,000 GJ. Kampaniyo ikazimitsa ng'anjo imodzi n'kuyamba kugula klinka kwa ena, matumba a simenti omwe ikugulitsa sasintha, ndalama zolowa sizisintha, koma moto wa m'lipoti watsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Malasha aja akuyakabe, kungoti akuyakira m'bwalo la wina. Palibe bodza lomwe lalembedwa, ndipo palibenso chomwe chasamalidwa. Pamene kampani yanu yachiwiri ija mwina inasiya kugula klinka n'kumanga ng'anjo yakeyake yamakono: mphamvu zake zakwera ndi 4 peresenti, chonsecho tani iliyonse ikupangidwa ndi moto wochepa kusiyana ndi kale.

Imeneyi ndi nkhani ya malire, ndipo ndiyo imasokoneza anthu kuposa china chilichonse. Lipoti lililonse lili ndi mpanda wake: mafakitale ali mkati amawerengedwa, akunja ayi. Ndondomeko ya GHG Protocol yowerengera mpweya woipa umene makampani amatulutsa, yomwe mabungwe a World Resources Institute ndi World Business Council for Sustainable Development anatulutsa koyamba mu 2001, imalola kampani kusankha momwe imangire mpandawo. Ikhoza kuwerenga molingana ndi gawo la masheya omwe ili nawo mu fakitale iliyonse, ikhoza kuwerenga mafakitale omwe imalamulira chuma chake, kapenanso okhawo omwe imawayendetsa tsiku ndi tsiku. Kampani ya migodi yokhala ndi 40 peresenti ya fakitale yosungunula chitsulo imene ikuyendetsedwa ndi mnzake ikhoza kulemba 40 peresenti ya mphamvuzo, kapena osalemba ngakhale kadontho, ndipo njira zonse ziwiri n'zololedwa. Ndondomeko yomweyo imati kampani ikagula kapena kugulitsa fakitale yaikulu, ibwerere kukakonza manambala a chaka choyambira kuwerengera kuti zaka zizifanana poyerekeza. Ena amatero. Ena amangosiya nambala yakaleyo, yomwe inali ndi fakitale yogulitsidwayo, n'kumaiyerekeza ndi ya lero yopanda fakitaleyo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: tsamba loyamba lili ndi zithunzi za mitengo yobiriwira ndi muvi woloza pansi, koma chifukwa chenicheni chili m'timalemba tating'ono ta kumapeto, pa mutu wofotokoza kawerengedwe. Muyambire kumeneko.

Chifukwa china chosavuta n'chakuti msika unagwa ndipo fakitale inapanga zochepa. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, makampani ambiri anaonetsa kutsika kwa mphamvu chifukwa makina anangokhala. Mu 2022 gasi atakwera mtengo kwambiri ku Ulaya, mafakitale angapo a feteleza ndi a aluminiyamu anachepetsa ntchito, ena kutsekeratu. Manambala awo anatsika, inde, koma kumeneko ndi kuvutika, si kusamala.

N'chifukwa chake nambala ya mphamvu zonse iyenera kuyenda pamodzi ndi inzake, ya mphamvu pa chinthu chimodzi chopangidwa. Apa napo pali msampha, chifukwa funso ndi lakuti agawa ndi chiyani. Akagawa ndi ndalama zomwe apeza, nambalayo imavina ndi mitengo ya pamsika. Mu Malichi 2022 tani ya aluminiyamu inadutsa madola 3,500 pa msika wa London Metal Exchange. Fakitale imene sinasinthe ngakhale waya umodzi inaoneka ngati ikudya magetsi ochepa pa dola iliyonse, chabe chifukwa katundu wake anakwera mtengo. Ine nambala yogawa ndi ndalama sindiiwerengera kwenikweni pa makampani oterewa, ngakhale kuti malamulo a ESRS a 2023 a mayiko a European Union, ofotokoza zoyenera kulembedwa m'malipoti a zachilengedwe, anaifuna kwa makampani a m'magulu okhudza kwambiri nyengo. Imathandiza kuyerekeza banki ndi sitolo, osati ng'anjo ndi ng'anjo.

Yothandiza ndi ya pa tani. Komanso muonetsetse kuti ndi tani ya chiyani. GJ pa tani ya klinka imakuuzani za ng'anjo yeniyeniyo: ukale wake, kasamalidwe kake, ngati ndi ya mtundu wouma wokhala ndi nsanja yotenthetseratu miyala kapena ndi yachikale yonyowa imene imadya moto wochuluka kwambiri. GJ pa tani ya simenti imakuuzani zina. Kampani ikamasakaniza phulusa la malasha lochokera ku malo opangira magetsi, kapena zotsalira za ku ng'anjo ya chitsulo, kapena laimu wogaya, klinka ya m'thumba lililonse imachepa ndipo nambala imatsika. Kumeneku n'kusamala kwenikweni, sindikukunyoza, koma si chimodzimodzi ndi kukonza ng'anjo. Mukayerekeza nambala ya klinka ya kampani ina ndi nambala ya simenti ya inzake, mwayerekeza zinthu zosiyana.

Pa chitsulo kusiyanaku n'kwakukulu koposa. Fakitale yoyambira pa miyala ya chitsulo ndi malasha mu ng'anjo yaikulu imadya ma GJ opitirira 20 pa tani, pamene yosungunula zitsulo zakale ndi magetsi imadya pafupifupi theka lake kapena kucheperapo. Yachiwiriyi sikuti ili ndi mainjiniya anzeru kuposa yoyamba. Ikungodyerera moto umene wina anayatsa kale popanga chitsulo chomwe lero chatha ntchito. Aluminiyamu nayo ndi nkhani ina: njira ya Hall-Héroult ya mu 1886, yomwe ikugwiritsidwabe ntchito mpaka pano, imadya 13 mpaka 15 MWh za magetsi pa tani (1 MWh ndi 1,000 kWh), moti anthu a ntchitoyi amati aluminiyamu ndi magetsi ouma. Koma kampani imene imayenganso yokha miyala ya bauxite, momwe mumachokera aluminiyamu, imakhala ndi nambala yaikulu kusiyana ndi imene imagula alumina, ufa woyengedwa kale kuchokera ku miyalayo. Tabwereranso ku mpanda uja.

Mwafunsa kuti manambalawa amawapeza bwanji. Magetsi ogula savuta: pali mita, pali bilu. Gasi wa m'mapaipi nayenso ali ndi mita. Vuto lili pa malasha ndi zina zolimba. Malasha sawerengedwa ndi mita, amayezedwa pa sikelo polowa pageti, kenako amaunjikidwa pabwalo. Kuti mudziwe omwe ayaka m'chaka, mumatenga ogulidwa, kuphatikizapo mulu womwe unalipo poyamba chaka, kuchotsapo mulu wotsala pomaliza. Muluwo amauyeza mongoyerekeza kukula kwake. Akatero amachulukitsa mataniwo ndi mphamvu yomwe tani imodzi imatulutsa, ndipo mphamvuyo imasintha malinga ndi mgodi, phulusa ndi chinyezi. Ndinayenderapo fakitale ina kumene ankagwiritsa ntchito nambala imodzi ya mphamvu ya malasha kwa zaka zingapo, chonsecho anali atasintha kogula. Titatumiza malashawo ku labotale, kusamala konse komwe ankanyadira kunasungunuka. Panalibe wakuba kapena wabodza, panangokhala nambala imene aliyense ankaikopera kuchokera pa pepala la chaka chatha.

Palinso njira ziwiri zowerengera mphamvu ya chinthu choyaka. Ina imaphatikiza kutentha komwe kumathawa ndi nthunzi ya madzi, ina siiphatikiza. Pa gasi njira ziwirizi zimasiyana ndi pafupifupi 10 peresenti. Kampani yodalira gasi ikangosintha njira pakati pa zaka ziwiri, mbali yaikulu ya 15 peresenti ngati yanu ija yapezeka kale.

Nanga kampani yokhala ndi malo akeake opangira magetsi ndi malasha? Malo otero amasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya malasha kukhala magetsi, zotsalazo zimathawa ngati kutentha. Kuti apeze 100 MWh za magetsi amaotcha malasha a mphamvu yoyandikira 300 MWh, ndipo 300 yonseyo imalowa m'lipoti. Akatseka malowo n'kuyamba kugula magetsi, lipoti lionetsa 100 yokha, ngakhale kuti wogulitsa magetsiyo akuotchanso malasha omwewo. Pa makampani a feteleza samalaninso ndi gasi. Popanga amoniya, yemwe amapangira feteleza, gasi wambiri salowa ngati nkhuni, amalowa ngati chopangira, chifukwa ndi mmene amatengamo haidrojeni. Malamulo a ESRS amati zolowa ngati zopangira zisawerengedwe pa mphamvu, koma makampani ena kwina amaziphatikiza. Nambala ya kampani ina ikakhala yaing'ono modabwitsa poyerekeza ndi anzake, fufuzani pamenepa.

Mau amodzi pa za "magetsi osaononga chilengedwe", popeza mudzakumana nawo ndithu. Kuyambira 2015, GHG Protocol imati pa magetsi ogula, omwe amawatcha Scope 2, kampani ionetse nambala ziwiri za mpweya woipa wochokera ku magetsiwo. Yoyamba imatsata magetsi enieni a m'mawaya a dera lomwe fakitale ili. Yachiwiri imatsata mapangano ndi ziphaso zomwe kampani yagula. Ziphasozi, monga Guarantees of Origin za ku Ulaya, zimagulitsidwa padera, osati pamodzi ndi magetsiwo. Fakitale ikhoza kukhala pa mawaya odzaza magetsi a malasha, n'kugula ziphaso za magetsi a madzi a dziko lina, n'kulemba kuti 100 peresenti ya magetsi ake ndi aukhondo. Ku Iceland, kumene mafakitale a aluminiyamu amadya gawo lalikulu la magetsi a dziko lonse, nkhaniyi inafika povuta mu 2023: bungwe loyang'anira ziphasozi ku Ulaya linaimitsa kwa kanthawi ziphaso zochokera m'dzikolo, podandaula kuti magetsi omwewo akunenedwa ndi anthu awiri, fakitale ya komweko ndi wogula chiphaso kunja. Ndipo kumbukirani kuti kusintha gwero la magetsi kumatsitsa mpweya woipa, koma sikutsitsa mphamvu zogwiritsidwa ntchito. Malipoti ena amasakaniza ziwirizi dala m'chiganizo chimodzi.

Tsopano za amene amawakakamiza. Zimatengera dziko lomwe kampani inalembetsedwa ndi msika womwe masheya ake amagulitsidwa. Kwa zaka zambiri kuulula kunali kongodzipereka, motsata ndondomeko ngati GRI 302 ya 2016, kapena mafunso a bungwe la CDP lomwe limafunsa m'malo mwa oika ndalama. Ku United Kingdom lamulo la SECR linayamba mu Epulo 2019. Makampani a pa msika wa masheya ndi ena akuluakulu ayenera kulemba m'lipoti lapachaka mphamvu zomwe agwiritsa ntchito mu kWh, nambala ya chaka chatha pambali pake, njira yomwe awerengera, zomwe achita kuti asamale, komanso nambala imodzi ya mpweya woipa yogawa ndi chinachake. Chinachakecho amasankha okha, ndipo mwaona kale kuipa kwake. Odya 40,000 kWh kapena kucheperapo pachaka lamuloli limawamasula.

Ku European Union kuli lamulo la CSRD la 2022 lokakamiza makampani akuluakulu kuulula za chilengedwe, lomwe malipoti ake oyamba anali a chaka cha 2024. Silinachedwe kuyamba kupepukitsidwa: mu Febuluwale 2025 akuluakulu a European Union ku Brussels anapempha kuti makampani ambiri achotsedwemo, ndipo mu Epulo chaka chomwecho omwe anali asanayambe anawonjezeredwa zaka ziwiri. Ku United States bungwe la SEC, loyang'anira misika ya masheya, linakhazikitsa lamulo loulula za nyengo mu Malichi 2024, linatsutsidwa kukhoti, ndipo patatha chaka bungwelo linasiya kuliteteza. Mayiko ena ambiri akutengera IFRS S2 ya mu Juni 2023, ndondomeko ya padziko lonse youlula za nyengo, yomwe imalozera ku miyezo ya SASB ya gulu lililonse la mafakitale. Pa simenti ndi chitsulo miyezoyi imafunsa mphamvu zonse, gawo lochokera m'mawaya a onse, ndi gawo lochokera ku zongowonjezereka monga dzuwa, mphepo ndi madzi.

Koma mukandifunsa malamulo omwe ndimawapatsa ulemu, ndi aja osafuna lipoti lokongola la anthu onse, ofuna manambala a fakitale iliyonse kupita ku boma. Japan inayamba kale, ndi lamulo lake losamala mphamvu la 1979, mitengo ya mafuta itagwedeza dziko. Kampani yodya mphamvu zofanana ndi makilolita 1,500 a mafuta osayenga pachaka imapereka lipoti ku unduna wa zachuma, malonda ndi mafakitale (METI) chaka ndi chaka, imasankha munthu woyang'anira mphamvu, ndipo imayembekezeka kutsitsa mphamvu pa chinthu chopangidwa ndi 1 peresenti pachaka mukaphatikiza zaka zingapo. Onani kuchepa kwa nambalayo, peresenti imodzi, m'dziko lomwe lakhala likuchita zimenezi kwa zaka zoposa 40. Ikuthandizeni kuyeza 15 yanu ija. India nayo inayamba ndondomeko ya PAT mu 2012 ndi mafakitale 478 a m'magulu 8. Fakitale iliyonse inapatsidwa mlingo wakewake wa mphamvu pa tani, ndipo yopitirira mlingo posamala inkalandira ziphaso zoti igulitse kwa yolephera. Ulaya ikulowera komweko ndi lamulo lake la 2023 losamala mphamvu: kampani yodya ma terajoule oposa 10 pachaka (terajoule imodzi ndi 1,000 GJ) iyenera kuyenderedwa ndi ofufuza za mphamvu, ndipo yoposa 85 iyenera kukhala ndi dongosolo lonse loyang'anira mphamvu, ngati la ISO 50001, pofika Okutobala 2027. Palinso ndondomeko ya European Union yotchedwa CBAM, yomwe kuyambira Okutobala 2023 yakhala ikufuna kuti olowetsa simenti, chitsulo, aluminiyamu, feteleza, haidrojeni ndi magetsi ku European Union anene mpweya womwe unatuluka popanga katunduyo. Zotsatira zake n'zakuti mafakitale a kutali ndi Ulaya akufunsidwa ndi makasitomala awo manambala omwe boma lawo silinawafunsepo.

Musadabwe kuti manambala a fakitale imodziimodzi sapezeka kawirikawiri m'lipoti la anthu onse. Kwa wosungunula aluminiyamu, magetsi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zopangira katundu. Opikisana naye akadziwa MWh zake pa tani, adziwa mtengo womwe angamugwetsere. Chinsinsi chimenechi chili ndi chifukwa chomveka, koma chimaperekanso pobisalira: fakitale yakale yodya kwambiri imamira m'nambala ya gulu lonse.

Chotsala ndi chidindo cha ofufuza. Kumapeto kwa lipoti mupeza kalata ya kampani yofufuza mabuku. Muiwerenge yonse, kuona maso a nkhono n'kudekha. Makalata ambiri ndi a mtundu wotchedwa limited assurance, ndipo mau ake amati sanapeze chowapangitsa kuganiza kuti manambala ndi olakwika. Kumeneko si kunena kuti ndi olondola. Mtundu wolimba, reasonable assurance, ndiwo ofanana ndi kafukufuku wa mabuku a ndalama, ndipo pa za mphamvu ndi wosowa. Onaninso manambala omwe kalatayo ikutchula, chifukwa nthawi zina ofufuza anaona nambala ya mphamvu zonse yokha, pamene peresenti ili pa chikuto sanaikhudze.

Ndiye kwa abwana anu mupite ndi chiyani? Pa kampani iliyonse mutenge zaka zisanu, osati ziwiri. Mulembe matani a klinka omwe inapanga yokha, matani omwe inagula, matani a simenti omwe inagulitsa, ma GJ a moto ndi ma MWh a magetsi padera. Mugawe nokha moto ndi klinka, magetsi ndi simenti, musadalire kugawa kwawo. Nambala ya moto ikatuluka pansi pa 3 GJ pa tani ya klinka, mukayikire, chifukwa ngakhale ng'anjo zamakono zimavutika kufika pamenepo. Kenako muone m'lipoti la ndalama, osati la zachilengedwe lokha, ngati pali fakitale yomwe inagulitsidwa, kutsekedwa kapena kuimitsidwa kuti ikonzedwe m'chaka chimenecho. Zoterezi amazilemba mosabisa ku mbali ya ndalama chifukwa kumeneko malamulo ndi okhwima.

Ngati kampani yoyamba ija sinalembe matani a klinka yogula, alembereni a ofesi yoona za eni masheya muwafunse mwachindunji. Akayankha, muli ndi nambala yanu. Akapanda kuyankha, pa mzere wa kampaniyo mulembe kuti 15 peresentiyo simunathe kuitsimikiza, ndipo mutchule nambala yomwe ikusowa.